Dzanja Logwira Thabwa

9 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi amayi ndi mlongo wanga. Bondo lija likuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi la matabwa landipatsa kachifuwa, koma si kopita nako kuchipatala ayi.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumangoti "eya, eya" kenako n'kupatsira amayi. Nkhani imene ndili nayoyi ndi ya matabwa, amayi ingawatopetse.

Ntchito yonyamula matumba a simenti ija ndinasiya. Pano ndili pa nyumba ina yosanja imene yatsala pang'ono kutha, ndipo andipereka kwa mmisiri wa zam'kati, amene amaika mafelemu a zitseko ndi timatabwa tija timayenda m'munsi mwa khoma kuzungulira chipinda. Pantchito pano timangotitchula kuti malamba. Musaseke, Bambo, koma mmisiriyo ndi mayi. Ndi a msinkhu wa amayi, aafupi, ndipo m'duku mwawo mumakhala mutasomekedwa mapensulo, n'chifukwa chake aliyense amawaitana kuti Mayi Pensulo. Kapitawo wathu ndi munthu wokalipa kuyambira m'mawa, koma akafika pachipinda chimene iwo akugwiramo amayamba wagogoda, ngakhale chitseko chisanaikidwe.

Tsiku loyamba anandifunsa ngati ndinagwirapo sowo. Ndinati ndine mwana wa kalipentala, ndinakulira m'shopu. Zoti m'shopumo dzina langa linali Chiphwanya sindinawauze. Anandipatsa zidutswa ziwiri za lamba nati ndizikumanitse pa ngodya ya m'kati mwa chipinda. Ndinachita monga munandiphunzitsira: mitu yonse iwiri kuidula mopendeka m'bokosi lodulira ngodya, n'kuikumanitsa. Pabenchi zinagwirana bwinobwino moti ndinayamba kudzimva. Nditaziika pakhoma, panatseguka kamwa. Mayi Pensulo anasolola pensulo m'duku, n'kuilowetsa pampatapo, ndipo inaima yokha.

"Sikuti wadula molakwa," anatero. "Vuto lako wakhulupirira omanga. Khoma la sikweya ine ndinaliona m'buku basi."

Kapitawo wanena kuti nyumbayi ikatha, Mayi Pensulo adzatenga munthu mmodzi yekha kupita naye kuntchito ina. Otsala adzabwerera ku simenti, kapena kukaima pageti kudikira ganyu. Mawu anu aja, oti manja anga si a matabwa ndikafunefune zina, sindinawaiwale, ndipo sindikuwakumbutsa mokwiya. Ndikungofuna kuti tsiku lobwera kwathu ndidzalowe m'shopu mwanu ndili kalipentala, inu mudzandione choncho.

Ndatumiza kangachepe ndi a dalaivala a basi yobwera kwathuko. Amayi agule kaye mankhwala awo, zotsalazo mugulire lata la pakhonde lija likudontha.

Ine mwana wanu,
Chiphwanya


30 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni wochokera kuno. Ndamva kwa mlongo wanga kuti nonse muli bwino ndipo lata mwakhoma kale. Inenso ndili bwino, kachifuwa kaja kanatha kokha.

Lero ndikufuna ndikufotokozereni mmene Mayi Pensulo amakumanitsira malamba pa ngodya ya m'kati, chifukwa ndakhala ndikuonerera mpaka kuiwala kuti anandilemba ntchito. Inu ndinu mmisiri, mumva msanga kuposa mmene ndinamvera ine.

Lamba woyamba samudula mopendeka ayi. Amamudula mowongoka n'kumukankha mpaka wagunda khoma. Ntchito yonse ili pa wachiwiri. Dziwani kuti malamba a kuno si thabwa losalala ngati athu aja. Pamwamba pake ali ndi kamimba, kenako kakhosi, kenako kamzere. Mutu wa wachiwiriyo amayamba aupendeketsa monga timachitira ife, koma cholinga si kukumanitsa. Kupendekako kumaonetsa mzere wa nkhope ya thabwa, kamimba ndi kakhosi komwe. Mzerewo amaudetsa ndi m'mbali mwa pensulo kuti uoneke bwino. Akatero amatenga kasowo.

Kasowo kameneka mwina munakaonapo m'sitolo ya zitsulo. Kali ngati uta wachitsulo wokhala ndi chigwiriro, ndipo lumo lake ndi lopyapyala ngati chingwe cha nsapato. Iwo amalimanga mano atayang'ana kuchigwiriro kuti lizidya pokoka, akuti lumo lotere ukamalikankha limapinda msana. Amatsata mzere wakuda uja kasowo atakapendeketsa, kuti kazidya kwambiri kumbuyo kwa thabwa, kutsogolo kuzitsala mlomo wakuthwa. Pokhota kwambiri sakakamiza. Amatulutsa kasowo, n'kudula kuchokera mbali ina, kachidutswa n'kugwa kokha. Pomaliza amasalaza ndi tupa wozungulira, ndiponso sandipepa amene anamumata pa kachidutswa ka lamba yemweyo.

Lambayo amamusiya motalikirako pang'ono, mwina kukhuthala kwa chikhadabo. Poika amamupinda pakati, n'kulowetsa mitu, n'kumusiya. Amangoti thapu, mutu uja n'kuvala nkhope ya lamba woyamba ngati chivindikiro papoto. Khoma lipotoke bwanji, mpata palibe. Ine ndinagwada n'kuyang'anitsitsa mpaka mphuno kukhudza penti, ndipo ndinasangalala ngati wadula ndine.

"Wapeza chiyani pansipo?" anandifunsa.

"Palibe, Mayi."

"Ndiye dzuka. Amatilipirira zomwezo, kuti anthu asapezepo kanthu."

Chipinda samangochiyamba paliponse. Amaima kaye pakhomo, manja m'chiuno, ngati akufuna kuchikalipira. Lamba woyamba amapita kukhoma loyang'anizana ndi chitseko, kuti munthu wolowa aziona zolumikizazo cham'mbali. Kenako amazungulira kulowera kumanja, nthawi zonse kumanja, kuti mutu wodula ndi kasowo uzikhala mbali imodzimodzi, imene dzanja lawo limaikonda. Zinthu zimenezi sanena pokhapokha uwafunse, ndipo ukawafunsa kawiri amakuyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ofuna malo aja tilipo awiri, ine ndi mnzanga wina amene timamuti Wamtali. Ndi munthu wabwino, timagona chipinda chimodzi, ndipo zimandivuta kumufunira zoipa ngakhale ndimayesa. Mawa atipatsa kasowo tonse awiri.

Muwauze amayi kuti juzi lija likundithandiza.

Ine mwana wanu,
Chiphwanya


27 Epulo

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndakondwa kumva kuti bondo lachepa kupweteka. Ine ndili bwino ndithu.

Mwalemba kuti zonsezi n'zotaya nthawi, kuti mpata amautseka ndi guluu wosakaniza utuchi, penti n'kubisa. Ndinawafotokozera Mayi Pensulo mawu anuwo pa nthawi yopuma, ndikuganiza kuti akwiya. Anaseka mpaka pensulo imodzi kugwa m'duku.

"Bambo ako akunena zoona," anatero. "Zoona zake zimatha nyengo yotentha ikafika."

Anandipititsa kuchipinda china chapansi, chimene anagwira amisiri ena iwo asanabwere. Ngodya zonse anazidula mopendeka n'kumata. Bambo, zonse zang'aluka, mzere wakuda kuchokera pamwamba mpaka pansi. Akuti thabwa likamauma limabwerera m'mbuyo, ndiye mitu iwiri yopendeka imasiyana ngati anthu okangana. Koma mutu wodula ndi kasowo umakhala utakwera pamwamba pa mnzake, moti likachepa pang'ono diso silidziwa. Kenako anawonjezera mawu amene ndikufuna muwamve, chifukwa anawanena mwaulemu. Anati munthu wopanga matebulo ndi makabati ngati inu amadzipangira yekha ngodya zake, n'chifukwa chake zimakhala za sikweya ndipo kudula mopendeka kumakwanira. Ife timalandira ngodya za anthu ena, amene anamanga akuganiza za malipiro a Lachisanu. Anafunsanso ngati mumanolabe nokha mano a sowo, ndipo nditavomera anati amisiri otere atsala ochepa.

Za kudula kwanga, ndingoti Chiphwanya uja wafika kuno bwinobwino, sanasochere panjira. Malumo a kasowo amathyoka m'manja mwanga ngati udzu wouma. Ndikati nditsate mzere, kasowo kamalowera kwake. Ndikafika pa kamlomo kopyapyala ka pamwamba, kamene kamayenera kukwera pa lamba winayo, kamabenthuka ndikungomaliza kumene. Mayi Pensulo amaima kumbuyo kwanga, kenako amandigwira paphewa.

"Ukulimbana nako. Kasowo sikafuna mphamvu, kamafuna kuperekezedwa. Phewali walimbitsiranji chonchi?"

Ine sindidziwa chimene ndimalimbitsira. Maso amauona mzere bwinobwino, mutu umadziwa kokhotera, koma uthenga umafika kudzanja mochedwa. Inu mukudziwa, munaziona zaka zambiri.

Wamtali wamaliza yekha chipinda chaching'ono, ndipo ngodya imodzi yokha ndi imene anamubwezetsa. Kapitawo wayamba kufunsa za malumo, kuti akupita kuti. Mwezi uno zimene ndatumiza zachepa chifukwa andidula za malumowo, musadabwe. Feteleza muyambe mwagula thumba limene mungakwanitse, lina ndiona.

Mlongo wanga asasiye sukulu ya zosoka ija chifukwa cha ine, ndilipira ndithu.

Ine mwana wanu,
Chiphwanya


18 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Ine ndili moyo.

Kalatayi ikhala yaifupi chifukwa a dalaivala anyamuka msanga. Ulendo uno mulibe kanthu m'envelopu, pepani. Amayi musawauze zambiri, mungoti malipiro achedwa.

Kasowo andilanda. Si Mayi Pensulo ayi, ndi kapitawo, ndipo sindimuimba mlandu chifukwa lamba amene ndinawononga anali wautali, wa pabalaza, ndipo ofanana naye ayenera kuitanitsa. Pano ntchito yanga ndi kukhoma misomali, kutseka timabowo take ndi kusesa. Kusesa ndiye ndikukudziwa bwino, munandiphunzitsa mokwanira.

Ayamba kuika malamba a pamwamba, pokumana khoma ndi siling'i. Amenewo ndi ovuta kuposa apansi chifukwa amakhala chopendama, ndipo powadula amawaika chadodolido. Ndimawagwirira makwerero n'kumayang'ana. Mayi wamkulu ngati uja, magalasi ali pamphuno, amadula kakhosi kopyapyala akuimba nyimbo ya m'kamwa, osabenthula ngakhale pang'ono. Ngakhale zanga zitapanda kuyenda, sindidandaula kuti ndinaona ntchito yotere ndi maso anga.

Nyumbayi yatsala zipinda zapamwamba zokha. Wamtali wasiya kukamba za ntchito tikafika kuchipinda, pondimvera chisoni, ndipo zimenezo zikundiwawa kuposa akanamadzitama.

Ine mwana wanu,
Chiphwanya


8 Juni

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine ndili bwino kwambiri, koma kalatayi ndayiyamba kangapo n'kung'amba. Muiwerenge muli nokha m'shopu.

Sabata yatha ndinkakhoma lamba m'kachipinda ka pansi pa masitepe, malo opanikizika moti dzanja lamanja silikanatha kukweza hamala. Osaganiza n'komwe ndinasinthira hamala kudzanja lamanzere. Misomali inalowa yonse, osapindika ndi umodzi womwe. Nditatuluka chafutambuyo ndinapeza Mayi Pensulo ataima pamenepo, manja m'chiuno.

"Umalemba ndi dzanja liti?" anandifunsa.

"Lamanja, Mayi."

"Nanga mwala umaponya ndi liti?"

Ndinayang'ana dzanja langa lamanzere, limene linali litagwirabe hamala.

"Anakumanga ndani?"

Dzina lanu ndinalibisa, Bambo. Sindikanakutchulani kwa munthu amene simunaonanepo naye. Koma ndinakumbukira kansalu kaja munkandimangira nako dzanja lamanzere kulamba wa kabudula, tsiku lililonse ndikaima pabenchi. Ndikudziwa kuti simunkandida. Munkati benchi, chopanira ndi puleni zinapangidwira dzanja lamanja, ndipo makasitomala sakhulupirira mmisiri wamanzere. Ndinamvera mpaka ndinaiwala ndekha kuti ndinabadwa bwanji.

Mayi Pensulo sanafunsenso. Anapita kukatenga kasowo kawo, osati ka kampani, n'kundiikira m'dzanja lamanzere. Anatenga chidutswa cha lamba n'kuchitembenuza, kuti ndidule mutu winawo, umene iwo sadula.

"Iwe wakhala ukuzungulira chipinda cham'mbuyo," anatero. "Ine ndimalowera kumanja chifukwa ndine wamanja. Iwe uzilowera kumanzere. Ndalakwitsa ndine, ndimayang'ana kasowo m'malo moyang'ana munthu."

Kudula koyamba kunali konyansa, sindinama, dzanjalo lakhala zaka likungogwira matabwa kuti linzake lidule. Koma lumo silinathyoke. Phewa linatsika lokha. Pa kakhosi, pamene ndinkasochera nthawi zonse, kasowo kanakhota ndisanakauze. Kapitawo atatulukira n'kuyamba kutsegula pakamwa, Mayi Pensulo anati malumo ndi awo, zidutswa ndi zotaya, ndipo nthawi ndi yopuma, nanga vuto lili pati? Anabwerera osamaliza mawu ake.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Iwo anatenga kasowo ndi dzanja lawo lamanzere kuti ayese okha. Mmisiri uja, amene sindinamuonepo akuphonya mzere, anadula zokhotakhota ngati mwana, lumo n'kuthyoka. Anayang'ana chidutswacho nthawi yaitali.

"Kani umu ndi mmene wakhala ukugwirira ntchito zaka zonsezi," anatero. "Ndiye unali kuyesetsa, mwanawe."

Pofika Lachisanu ndinali nditatseka ngodya yanga yoyamba, m'chipinda chapamwamba. Inati thapu ngati zawo zija. Ndinapita kuseri kwa mulu wa matabwa ngati ndikufunako kanthu, chifukwa misozi inali italengeza ndipo Wamtali akanandiseka mpaka chaka chamawa.

Sindikulemba izi kuti ndikutsutseni, Bambo. Kuona mzere, kumva thabwa, kusasiya ntchito ya theka, zonsezo ndinazitenga kwa inu. Dzanja lokha ndi limene linali lina. Ndikupempha mundiyankhe, ngakhale mawu ochepa.

Ndaikamo kangachepe ka feteleza uja.

Ine mwana wanu


20 Julayi

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa mlongo wanga. Ine ndili bwino. A dalaivala abwera maulendo angapo opanda kalata yanu. Ulendo watha ndinawafunsa ngati sinagwere pansi pa mpando, ndipo anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Pafoni amayi amangoti muli kushopu.

Nkhani ndi yakuti nyumba ija yatha, ndipo Mayi Pensulo atenga ine.

Chipinda chomaliza chinali chachikulu, cha eni nyumba, chokhala ndi malamba apansi ndi apamwamba. Anandisiyira ndekha, iwo n'kukhala pa ndowa ya penti pakhomo akusenda pensulo. Ndinaima kaye pakhomo monga amachitira, ndinayambira khoma loyang'anizana ndi chitseko, n'kuzungulira kulowera kumanzere. Khoma lina linali ndi mimba pakati moti ngodya yake inatseguka kuposa sikweya. Ndinadya kumbuyo kwambiri ndi kasowo, n'kumayesa ndi kachidutswa ka lamba, tupa pang'ono, kuyesanso, mpaka zinakumana. Lamba womaliza anafunika kudulidwa ndi kasowo mitu yonse iwiri, chinthu chimene iwo amachipewa akamakonza kayendedwe ka chipinda. Pamenepo ndinali nditalakwitsa poyambira, ndipo anandisiya dala kuti ndizione ndekha. Mutu wovutawo ndinaudula pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, koma unalowa.

Kapitawo anabwera ndi kapepala ka lisiti n'kumayesa kukalowetsa m'ngodya iliyonse. Anagwada, anakwera makwerero, anatsika. Kenako anakapinda n'kukaika m'thumba, n'kufunsa ngati tasesa. Kwa munthu ameneyu kumeneko ndiye kuyamika.

Mayi Pensulo sananene zambiri. Anati Lolemba ndifike molawirira, ndipo ndigule magalasi oteteza maso chifukwa safuna wophunzira wa diso limodzi. Wamtali amutenga a penti, amene akhala akumusirira chifukwa safuna makwerero. Tikugonabe chipinda chimodzi ndipo wayambiranso kudzitama, ndiye mtima wanga wakhala pansi.

Ndinaganiza kuti tsiku limeneli ndidzavina. Ndasangalala ndithu, koma chisangalalocho chikusowa pokhala chifukwa inu muli chete. Ngati kalata ija inakulasani, ndikhululukireni. Mwina ndikanadikira kuti tidzakambe pamaso.

M'phukusili muli nsalu ya amayi ndi nsapato za mlongo wanga. Chokulungidwa m'nyuzipepalacho ndi chanu: kasowo katsopano, malumo ake, tupa wozungulira, ndi zidutswa za lamba zimene zinatsala kuno. Malipiro anga oyamba a ukalipentala ndinafuna ayambire kwa inu. Ngati simukafuna, mukapachike pamsomali, sikadya kanthu.

Ine mwana wanu


31 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo chala chikupola. Inde, ndamva. Mlongo wanga sasunga nkhani, mukumudziwa, anatengera kwa azakhali. Ine ndili bwino, tili pa nyumba ina tsopano, ya makoma opotoka kuposa ija, ndipo Mayi Pensulo akupereka moni.

Mlongo wanga anandiimbira foni n'kundiuza kuti phukusi lija munalisiya pawindo nthawi yaitali osalimasula. Kenako tsiku lina munalowa nalo m'shopu n'kutseka chitseko, chinthu chimene simuchita ngakhale kukugwa mvula. Mawa lake chimodzimodzi. Akuti munatuluka mutamanga kansanza pachala, amayi atafunsa munati ndi msomali. Iye anazemba n'kulowa m'shopu, napeza kuti pa ngodya ya kuseri kwa benchi mwaikapo zidutswa zija, ndipo ananditumizira chithunzi.

Bambo, ngodya imeneyo ndaionetsa kwa Mayi Pensulo. Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso, anakulitsa chithunzicho ndi zala. Anati, "Ameneyu wadula kangati?" Ndinati sanakagwirepo kasowo kotere moyo wake wonse. Anati, "Ndiye uwauze kuti akafuna ntchito abwere, iwe ubwerere kokasesa." Mpata palibe, kamlomo ka pamwamba kali bwinobwino. Ine zinanditengera miyezi.

Koma pali zinthu ziwiri zimene ndaona, ndipo ndizinena chifukwa tonse ndife amisiri. Choyamba, mutu umene mwadula ndi umene ndimadula ine, osati umene amadula Mayi Pensulo. Chachiwiri, ndinamufunsa mlongo wanga kuti chala chomangidwacho ndi cha dzanja liti. Anati chachikulu, cha kumanja. Iye sanaonepo chachilendo. Koma inu ndi ine tikudziwa kuti sowo siluma dzanja loigwira, imaluma dzanja logwira thabwa. Zipsera zanu zonse zili kumanzere, ndinkaziona ndili mwana mukamasamba m'manja. Ngati ulendo uno mwachekeka kumanja, ndiye kuti kasowo kanali kumanzere. Ndipo munthu wobadwa wamanja sangadule ngodya yotere ndi manzere, ndinaona ndi maso anga mmisiri wamkulu akulephera.

Ndinakhala pansi pa masitepe ndi foni m'manja mpaka nthawi yopuma inatha. Ndinaganiza za agogo aamuna, amene anakuphunzitsani ntchito pabenchi yomweyo, ndi mmene mumanenera kuti anali munthu wosabwereza mawu. Ndinaganiza za matebulo onse aja, zitseko, makabati a m'nyumba za anthu, ntchito imene dera lonse limaitama, kuti munaigwira ndi dzanja lobwereka. Ine ndinalephera n'kuthawa. Inu munalimbana nalo mpaka linagonja, ndipo simunauzepo munthu. Ndakhala ndikukulemberani za mmisiri wa kuno ngati kuti ndi woyamba kumuona, pamene ndinakulira pamapazi a wina. Ndikunyadirani, Bambo, ndipo ndikumva chisoni, zonse pamodzi.

Funso limene anandifunsa Mayi Pensulo lija ine sindikufunsani. Simukuyenera kuyankha kalatayi ngati mulibe mawu, chithunzi chija chandikwanira.

Koma za chala ndiye mundimvere, pakuti pa ichi chokha ndakutsogolerani. Dzanja lamanja silinazolowere kugwira thabwa, limaiwala kuti lili panjira. Chala chachikulu muzichipinda pansi pa lamba, ndipo lambayo muzimupana pabenchi, mutu wokha utatulukira kunja. Bala mulitsuke bwino, kansanza ka m'shopu kaja mutaye, amayi akupatseni koyera.

Ndapempha tchuthi cha mu Disembala ndipo andilola. Ndibweretsa malamba okwanira chipinda cha amayi, a dalaivala avomera kuwamangirira pamwamba. Musachiyambe nokha. Tidzayambira khoma loyang'anizana ndi chitseko n'kuzungulira kulowera kumanzere, inu kutsogolo ine pambuyo, ndipo chitseko cha shopu chidzakhale chotsegula.

Ine mwana wanu,
Kalipentala mnzanu